Besi ya ku Chinyumba Chosatha

Sendererani kuno, mphepoyi yayamba kuluma. Iyi si nkhani ya makedzana ayi. Inachitika magetsi alipo kale, mafoni ali m'matumba, ndipo mwini nkhaniyo ndi Alifeyo Chimbalanga, uja ankabwereketsa zoimbira pa Lunzu.

Alifeyo anali atatopa kale nkhaniyi isanayambe n'komwe. Ukulu wake wonse anauthera kunyamula masipika. Loweruka kuchinkhoswe, Lamulungu kumsonkhano wa mpingo, mkati mwa sabata kumaliro, kumene ankangofuna maikolofoni yoti abusa amveke mpaka kwa amayi okhala kuseri kwa nyumba. Msana unali utayamba kuwerama, khutu lamanzere silinkamvanso bwino. Kenako kunabwera anyamata ndi zimasipika zawo za ku Joni zogwedeza malata a mudzi wonse, ndipo anthu akamakonza ukwati ankangoti, "A Chimbalanga ndi munthu wabwino, koma nyimbo zawo zilibe besi." Besi, paja mukuidziwa, ndi kugunda kuja kumene sumakumva ndi khutu koma ndi chifuwa.

Mabokosi ake awiri a besi anali atadyedwa ndi chiswe m'dzinja, ndipo kugula ena sakanatha. Tsiku lina mlamu wake anamuonetsa pafoni mmene anthu ena amachitira. Amatenga mpope wakatoni wokhuthala, uja amisiri amathiramo konkire akamaumba nsanamira zobulungira, n'kuutseka ndi thabwa uku ndi uku, n'kulowetsamo sipika.

"Wopepuka ngati dengu, alamu," anatero mlamuyo, "koma ukagunda, mbale zimagwa pashelefu."

Mawu oti wopepukawo ndi amene anamukola Alifeyo. Zambalezo analibe nazo ntchito. Anali atatopa ndi kunyamula.

Mipope yotere inkapezeka pamalo amodzi okha, ku chinyumba chosatha chija chili kuseri kwa msika, panjira yotsikira kumtsinje. Mwini wake ankafuna kumanga hotela yosanja, koma ntchito inaimira pakati, iye n'kusowa osadziwika kolowera. Panatsala nsanamira zili njo ngati mitengo yopserera, zitsulo zadzimbiri zitasuzumira pamwamba, ndi mlonda mmodzi, a Kaphesi, nkhalamba yomwe inkalima therere ndi maungu pakati pa milu ya miyala.

"Mipope ilipo," anatero a Kaphesi atamva chimene Alifeyo wadzera. "Ili m'chipinda chapansicho. Sinagwirepo ntchito."

"Ndigulitseniko iwiri, madala."

"Sindigulitsa ine. Si yanga."

"Nanga ndi ya yani, poti mwini nyumba anathawa?"

A Kaphesi anayang'ana nsanamira zija, kenako n'kuyang'ana khasu lawo. "Inali yoti ithiridwe tsiku lomaliza lija. Ikudikirabe. Ngati mwaifunitsitsa tengani, koma ine sindinakupatseni. Ndipo musati ndikusenzeni."

Alifeyo anaseka, poganiza kuti mkuluyo akungofuna ya fodya. Analowa m'chipinda muja n'kuipeza itatsamira khoma, yaitali kufika m'chifuwa, yaikulu moti manja ake sankakumana poikumbatira. Inali youma gwa, yosalala, yopanda ngakhale kanjira kamodzi ka chiswe, chonsecho matabwa onse a m'chipindamo anali atasanduka dothi. Munthu amene mabokosi ake anatha ndi chiswe akanayenera kudabwa pamenepo. Iye anangokondwa.

Woyamba anausenza paphewa n'kukafika nawo kunyumba akuimba mluzu. Wachiwiri unayamba bwinobwino, koma atadutsa msika unali ngati wina wauponyera mchenga mkati. Anautula kangapo panjira. Ankati akasuzumiramo, n'kungoona kuwala kwa mbali inayo.

"Ukalamba uwu," anadziuza yekha.

Ntchito anaigwirira pakhonde. Anadula mipope ija ndi macheka kuti ifanane msinkhu, n'kusema matabwa anayi obulungira oti atseke kukamwa kwake. Pathabwa lapansi anaboola chibowo cha sipika, palapamwamba kabowo ka paipi yapulasitiki yopumira mphepo. Mkati anamatamo siponji ya matiresi akale, m'mphepete n'kupakamo guluu wambiri kuti mpweya usapeze pothawira. Anaikhomera timiyendo tamatabwa, n'kuikuta ndi kapeti yakuda ya pakaunjika. Itaima pakhondepo inkaoneka ngati alendo awiri ovala zakumaliro amene akudikira kuti wina awalonjere.

Tepi yoyezera ndi imene inayamba kusowa. Anaisiya pampando, atatembenuka palibe. Mawa lake kunasowa chingwe choyanikira zovala. Kenako fosholo ya mkazi wake, Nambewe, yomwe ankapakulira manyowa kudimba, inasowa kuseri kwa khitchini n'kupezeka m'mawa itatsamira mpope umodzi, kukamwa kwake kuli zotuwa zolimba zimene sizinachoke ngakhale anazikwecha ndi mwala.

"Bambo a Tiyese," anatero Nambewe akununkhiza m'mwamba, "mwagula simenti kodi?"

"Simenti ya chiyani?"

"Nanga fungoli? Pakhonde ponsepa pakununkha simenti yonyowa."

"Ndi guluuyu."

"Guluu ndimamudziwa ine," anatero mayiyo, koma sanapitirize. Ana awo anali atakula n'kupita kwawo, ndipo awiriwo anali atafika poti mkangano ankauyeza kaye ngati uli woyenera mphamvu zake.

Anaiyesa madzulo ena dzuwa litangolowa. Analumikiza mawaya ku ampu, kabokosi kokweza mawu kaja, n'kuika nyimbo, n'kukweza pang'onopang'ono. Abale inu, chimene chinatuluka m'makatoni amenewo! Mawindo ananjenjemera. Madzi a mumtsuko anachita timafunde. Alifeyo anamva kugundako kukulowa kumapazi, kukwera m'mawondo, n'kukakhala pachifuwa, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri anamwetulira mpaka mano akumbuyo. Sanaone kuti nkhuku zimene zinkalowa m'khola zabwerera n'kukaunjikana kumpanda, ndiponso kuti agalu a m'dera lonselo angoti zii.

Kenako magetsi anazima, monga amachitira. Kanyali ka ampu kanathima, nyimbo inaduka. Koma mipope ija sinaleke.

Gu. Gu. Gu.

Sikunali kugunda kwa nyimbo ija ayi. Kunali kochedwa, kolemera, ngati munthu akusinja chinthu chonyowa ndi mtengo, ndipo pakati pa kugundako pankamveka kukhwekhwereza, ngati chitsulo chikulowa m'miyala. Alifeyo anagwada n'kupisa dzanja pansi pa mpope. Pepala la sipika linkatuluka n'kubwerera, kutuluka n'kubwerera, ngati nthiti za munthu amene wakwera phiri.

"Ndi moto wotsalira mu ampumu," anatero asanafunsidwe.

Nambewe anaima pakhomo atagwira machesi. "Zulani mawayawo."

Anazula. Kugunda kuja kunapitirira kanthawi, kenako kunaleka kokha, mosafulumira, ngati kwaganiza kopuma.

M'mawa kunabwera mayi Nasimango, oyandikana nawo nyumba, maso ali psuu. "A Chimbalanga, ife timakulemekezani. Koma usiku wonse? Mwana wanga wadwala malungo, sanagone n'pang'ono pomwe."

"Mayi, magetsi sanayake chizimireni dzulo. Onani, ngakhale foni yangayi yathima."

Mayi Nasimango anayang'ana foniyo, n'kuyang'ana mipope ija. Pobwerera sanadutse pakhonde monga ankachitira masiku onse, anazungulira kuseri kwa bafa.

Kuyambira pamenepo tulo ta Alifeyo tinasiya kumupumitsa. Ankagona msanga, osalota kanthu, koma podzuka thupi lonse linkakhala ngati lapunthidwa. Mapewa anatupa. Zikhatho zinayamba kung'aluka, timing'alu toyera towawa tikakhudza madzi, ndipo m'zikhadabo munkakhala zotuwa. Tsiku lina atavundukula bulangete anapeza mapazi ake ali mbuu mpaka mu akakolo, chonsecho anali atasamba asanagone.

"Kodi ndimayenda kutulo?" anafunsa mkazi wake.

Nambewe anali akupeta mpunga. Sanadzutse mutu. "Simuchoka pabedi. Ndakhala ndikukuyang'anirani."

"Nanga izi?"

"Manja anu ndi amene sagona. Mumatembenukira kumanja, n'kulandira. Mumatembenukira kumanzere, n'kupereka. Kulandira, kupereka, mpaka tambala." Anasiya lichero. "Dzulo ndinakugwirani mkono kuti muleke. Bambo a Tiyese, mkono wanu unali wolemera. Munali mutanyamula chinthu."

Alifeyo anayang'ana zikhatho zake nthawi yaitali.

"Bwezani zinthuzi kumene munazitenga," anatero Nambewe.

Akanabweza. Koma mbiri ya besi ija inali itafika kale kumsika, ndipo kunali kutabwera anthu a banja lina la kutsidya kwa mtsinje kudzamupempha kuti akaimbe pachinkhoswe cha mwana wawo. Chinkhoswe chachikulu, cha ng'ombe. Panali patapita nthawi yaitali chiitanidwire kumwambo wotero, ndipo pamene mkulu wa banjalo ananena kuti, "Tamva kuti a Chimbalanga abwerera m'bwalo," chinachake chimene chinafota kalekale mumtima mwake chinadzuka.

"Loweruka lokhali, Nambewe," anatero. "Likangodutsa ndikazitula."

"Mwanena ndinu," anayankha mkaziyo, n'kutolanso lichero lake.

Lachisanu masana, dzuwa lili paliwombo, Alifeyo ankachokera kogula mafuta a jenereta pamene anapeza munthu ataima pageti pake. Anali wamtali, wowonda, atavala majombo ong'ambika ndi buluku louma gwa ndi simenti. Kumutu anali atavala chipewa cha pepala la thumba la simenti, chija amapinda aganyu, ndipo chinatsika kwambiri moti nkhope sinkaoneka bwino. Manja ake anali lende, zikhatho zitayang'ana kumwamba.

"Wawa, achimwene," anatero Alifeyo. "Tikuthandizeni?"

"Bwana," anatero munthuyo, mawu ake otsika, osasa ngati a munthu amene wameza fumbi tsiku lonse, "tithire pati?"

"Pano palibe ntchito yomanga. Mwina mwasokera nyumba."

Munthuyo sanasunthe. Ntchentche zinali ponseponse masana amenewo, koma pa iye sipanatere ngakhale imodzi.

"Yayamba kuuma, bwana," anatero. "Anzanga atopa."

Alifeyo anatula chigubu cha mafuta kuti atsegule geti, ndipo ataweramuka panalibe munthu. Msewu unali pululu uku ndi uku. Pamene anaima paja panatsala mapazi awiri a majombo, onyowa, otuwa. Pofika madzulo anali atalimba ngati mwala, moti Nambewe anachita kuwagobola ndi khasu n'kukawataya kudzala.

Loweruka linafika. Mipope imene Alifeyo ankaisenza yekha paphewa tsopano inafuna amuna angapo kuti aikweze pagalimoto, ndipo mmodzi anafunsa ngati mkatimo aikamo njerwa. Nambewe anavala chitenje chake chatsopano n'kukwera nawo.

"Inu simupita kuzinkhoswe za eni," anatero Alifeyo.

"Lero ndipita. Ndikathandiza kudula kabichi."

Kunali anthu, abale. Bwalo lonse linadzaza, ena atakwera pachulu, ana ali m'mitengo. Alifeyo anaimika mipope ija pansi pa mtengo wa mango, wina uku wina uku, n'kuliza jenereta. Nyimbo yoyamba itangogunda, amayi anakuwa ndi nthungululu, fumbi linakwera. Anyamata aja a zimasipika za ku Joni analipo, ataima kumbuyo manja m'thumba, ndipo Alifeyo anawaona akunong'onezana. Mutu unkamuwawa, maso ankalemera ngati wina wawapachika miyala, komabe mumtima ankati, aone, aone.

Dzuwa litapendeka, mkwatibwi atalowa m'bwalo ndi anzake, jenereta inatsokomola kawiri n'kuzima.

Anthu anati aaa, monga amachitira, ena n'kuyamba kuseka. Koma kusekako kunafota msanga, chifukwa pansi pankagundabe.

Gu. Gu. Gu.

Palibe anakuwa. Palibe anathawa. Alifeyo anaona ovina aja akuleka kuvina mmodzimmodzi, mapewa akugwa, misana ikuwerama. Mwakachetechete anayamba kusuntha, aliyense kupeza malo ake ngati anachita kuuzidwa, mpaka panapangika mzere wautali wochokera kumsewu, kudutsa pakati pa bwalo, kudzafika pamtengo wa mango. Munali ankhoswe ndi jekete lawo, munali amayi a mvano, munali anyamata a ku Joni aja, munali mkwatibwi yemwe, nsalu yake yonyezimira ikukwekwereza m'fumbi. Ndipo onse pamodzi anatembenukira kumanja, n'kulandira. Anatembenukira kumanzere, n'kupereka.

M'manja mwawo munalibe kanthu. Koma mitsempha ya m'khosi inatuluka, thukuta linkagwa m'fumbi. Maso awo anali otsegula koma sankayang'ana chilichonse. Fungo la simenti yonyowa linaphimba fungo la nyama yonse inali pamoto. Ana okha ndi amene sanalowe mumzere, ndipo anayamba kulira mmodzi ndi mmodzi m'mitengo muja.

Alifeyo anafuna kuitana, kuti athamange akadzutse jenereta, achite chilichonse. Apo n'kuti ali kale kumapeto kwa mzere. Mayi wina wokalamba anamutembenukira n'kumupatsira, ndipo iye analandira. Kulemera kwake! Kunamutsitsa mapewa mpaka anamva msana ukulira. Manja ake anakwera okha, pamwamba pa mpope, n'kukhuthula. Mkati mwa mpopemo munamveka kuti phwa. Anatembenuka kuti alandirenso. Sankaopa n'komwe. Ankangomva kutopa kwakukulu, kwakale, kosakhala kwake yekha, ndiponso ankadziwa, osadziwa kuti wamuuza ndani, kuti mpopewo sudzadzadza.

Nambewe anali kuseri kwa nyumba ndi mpeni wake wa kabichi pamene anaona amayi anzake ophika akusiya zipande n'kumapita kubwalo ngati oitanidwa. Miyendo yakenso inayamba kumukoka. Anadziluma lilime mpaka magazi, n'kuthamanga. Anazula mawaya onse, koma sizinathandize. Anakankha mpope ndi phewa, koma unali ngati wamera mizu. Ndiye anagwada, n'kulowetsa dzanja pansi pake, n'kubaya pepala la sipika ndi mpeni uja. Anang'amba, n'kukwawira ku unzake, n'kung'ambanso.

Munatuluka madzi otuwa, ozizira, ochuluka kuposa amene katoni ikanasunga, n'kuyenderera m'fumbi mpaka kumapazi a anthu.

Kugunda kunaleka. Anthu onse anangoti khwethe pansi pomwe anaimapo, mkwatibwi, ankhoswe, onse, akupuma ngati ng'ombe zochokera kolima. Potsiriza malume ake a mkwatibwi anadzuka mogwira bondo n'kubwera pamene panali Alifeyo. Sanakalipe. Analibe mphamvu zokalipira.

"Bambo," anatero, "sitikufunsani kanthu. Ngolo iyo, ng'ombe izo. Chotsani katundu wanu dzuwa lisanalowe."

Anagubuduza mipope ija n'kuikweza pangolo ndi mitengo, chifukwa palibe ankafuna kuikhudza ndi manja. Alifeyo anachotsamo masipika ong'ambika aja n'kuwasiya pomwepo. Ng'ombe zinakoka movutika, thovu lili kukamwa, mpaka kuwoloka mtsinje. Koma zitayamba kukwera njira ya kuseri kwa msika zinayamba kuyenda mopepuka, ndipo pofika pachinyumba chija zinali ngati zikukoka ngolo yopanda kanthu.

A Kaphesi anali atakhala pamulu wa miyala ngati ankawayembekezera. Anayang'ana manja a Alifeyo, n'kugwedeza mutu.

"Akugwiritsani ntchito," anatero.

"Ndani, madala?" anafunsa Nambewe, chifukwa mwamuna wake anali atangokhala pansi, mutu uli pamawondo.

"Mayina awo sindiwadziwa, mayi. Palibe amawadziwa. Anali aganyu, aja amatoledwa pamsewu m'mawa." A Kaphesi analoza pamwamba, pamene denga la konkire linathera m'malere, zitsulo zili lende. "Tsiku limenelo ankathira pamwambapo. Anayamba kusanache. Dzuwa linalowa asanamalize, iwo n'kupempha kuti aweruke, koma anauzidwa kuti konkire sidikira munthu, ikauma yawonongeka, aliyense wochoka asabwerenso. Anayatsa matayala kuti aziona. Ndiye mitengo yochirikiza ija inathyoka."

Anatokosa pansi ndi kamtengo.

"Ena anawatulutsa. Ena anati onse atuluka. Ine ndinabwera pambuyo pake, ndipo chimene ndimamva pano madzulo aliwonse si anthu oti anatuluka."

"Palibe anayesapo kuchitapo kanthu?" anafunsa Nambewe.

"Anabwera apemphero, anakuwa mpaka mawu kusasa, kuwalamula kuti achoke. Anabweranso wina wa zitsamba ndi nsupa zake, nayenso kuwalamula. Akangochoka, ntchito imayambiranso."

Nambewe anayang'ana nsanamira zija. Kunja kunali kutayamba kuchita chizirezire, ndipo penapake mkati mwa chinyumbacho, kutali, munayamba kumveka kukhwekhwereza kuja, chitsulo kulowa m'miyala.

"Onsewo ankawalamula," anatero mayiyo pang'onopang'ono. "Anthu amenewa alamulidwa mokwanira."

Anauza mwamuna wake kuti abwezere mipope ija m'chipinda chapansi chija, ndipo Alifeyo anainyamula, yopepuka ngati tsiku loyamba, ngakhale inali itanyowa n'kufewa. Nambewe anapita kumsika, kumene ogulitsa anali akulongedza, n'kubwerako ndi sopo wamtanda. Anabwereka beseni lalikulu la a Kaphesi, natunga madzi pamjigo, nawafunditsa pamoto wa mlondayo. Kenako anasenza beseni lija n'kukalitula pakati pa nsanamira, pamene kugunda kunkamveka kwambiri, sopo n'kumuika pambali pa njerwa. Anavula chitenje chake chatsopano chija, n'kuchipinda bwinobwino, n'kuchiika pomwepo.

Anagwada monga amagwadira mayi popereka madzi kwa alendo, n'kuomba m'manja mofatsa.

"Abambo," anatero, "kwada. Mwagwira ntchito yaikulu, taiona. Yotsalayo isiyeni iume, si mlandu wanu. Madzi awa, ndafunditsa. Sambani muzipita kwanu."

Gu, kunatero mkatimo. Kenako kachiwiri, mochedwa. Nambewe anadikira kachitatu atagwira mpweya, koma sikanabwere. Anadzuka n'kubwerera chafutambuyo, osatembenuka mpaka atatuluka pampanda.

Alifeyo anagona m'ngolo pobwerera, ndipo anachita kumudzutsa kuti alowe m'nyumba. Anagona usiku wonse manja ali phee pachifuwa, anagona m'mawa wonse, belu la tchalitchi linalira iye osamva. Nambewe anamusiya. Atadzuka, dzuwa litapendeka kale, anakhala pakhonde n'kumayang'ana malo amene panali mipope paja, n'kunena kuti mwina ntchito ya maliro yokha ikwanira, ija ya maikolofoni imodzi. Mkazi wake anati inde, ikwanira.

Madzulo ake Nambewe anapita yekha kukathokoza a Kaphesi chifukwa cha beseni. Analipeza pomwe analisiya. Madzi aja anali atasanduka phala lotuwa, lokhuthala, ndipo sopo wamtanda uja anali atatsala kakang'ono kopyapyala ngati tsamba. Chitenje chinali chitayanikidwa pachitsulo, chonyowa, chotuwa mbali zonse.

"Ndinawamva," anatero a Kaphesi. "Anasamba nthawi yaitali. Wina ankatsokomola, wina mpaka anaseka. Kenako ndinamva majombo akutuluka pageti, ena kulowera kumsewu waukulu, ena kutsikira kumtsinje. Chibwerereni pano sindinagonepo ngati dzulo."

Nambewe anakhuthula beseni lija patsinde pa nsanamira, n'kulitsuka, n'kulipereka. Atatsanzika n'kuyamba kuyenda, nkhalamba ija inamuitana.

"Mayi."

Anatembenuka.

"Mukadzapeza kasopo kena, mudzabwere nako." A Kaphesi anayang'ana kuchipinda chapansi chija, n'kutsitsa mawu ngati safuna kuchititsa munthu manyazi. "Alipo mmodzi watsala. Sakugwira ntchito ayi, wangokhala. Ndikuganiza kuti kwawo n'kutali, ndipo njira anaiwala."